Nswala za ku Kasungu: Uta, Mfuti ndi Cithunzi

M'mwezi wa May, mvula italeka, alimi a ku Kasungu ali pa nchito yosankha ndi kumanga fodya wao, m'nkhalango ya kumadzulo kwao mumveka kubangula kwaukali. Mlendo ayesa nyalugwe. Koma ndiyo nswala yamphongo, irikuitana zazikazi ndi kuopseza amuna anzace, pakuti masika ndiyo nyengo yao yakukwatana. Lero anthu apita ndi makamera kukaona zimenezi, kumene makolo athu anapita ndi mauta. Tiyeni tione umo cinayendera cisinthiko ici, ndi amene anacilipira.

Kale nkhalangoyi inali midzi ndi minda. Kufikira lero mupezeka ng'anjo zosungunulira citsulo, ndi zojambula za anthu akale pa miyala. Acewa anasaka nyama ndi agalu pa uzimba, nakumba mbuna m'njira zace. Pamene David Livingstone anafika kwa Mwase m'caka ca 1863, malonda a minyanga anali atakula kale; minyanga inatsikira ku Nkhotakota, ndi mfuti zinakwera kumtunda kuno. M'caka ca 1895 asilikari a Angerezi anagonjetsa Mwase, namanga linga lao, dzina lace Fort Alston.

Koma cimene cinasiyira nyama dziko ili si cifundo ca munthu ai, ndiyo nthenda. Kashembe anafalitsa kaodzera, ndipo Boma linasamutsa midzi, nilisandutsa malowo nkhalango yosungidwa m'caka ca 1922. M'caka ca 1930 anaika lamulo lakusungiramo nyama, ndipo m'caka ca 1970 inakhala Kasungu National Park, yoposedwa kukula kwace ndi Nyika yokha m'Malawi. Tisaiwale kuti pamene nyama zidya msipu lero pali mabwinja ndi manda a anthu amene sanacoke mokondwa.

Nanga mwambo wakupenya nyama osaipha unacokera kuti? Ku North America kuli nyama yonga mbawala yaikuru, dzina lace elk. Osaka anatsala pang'ono kuitha, kufikira anthu anapatula malo akuisungiramo, monga Yellowstone, imene inakhazikidwa m'caka ca 1872. M'caka ca 1888 George Eastman anayamba kugulitsa kamera yaing'ono ya Kodak, yakuti munthu wamba akhoza kunyamula. Tsopano m'miyezi ya September ndi October, ndiyo masika a kumeneko, makamu a anthu asonkhana kukamva kulira kwa elk zamphongo ndi kuzijambula zirikulimbana. Anazindikira kuti nyama yophedwa ikhutitsa banja limodzi masiku owerengeka, koma yamoyo ikondweretsa anthu zikwi caka ndi caka.

Kwathu kuno phunziro ili linalowa mobvuta. M'zaka za 1970 munali njobvu monga 1,200 m'nkhalango ya Kasungu. M'zaka zomwezo minda yaikuru ya fodya inacuruka, anthu anadzala m'malire, nkhuni zoumitsira fodya zinafunika zambiri, ndipo mfuti ndi misampha ya waya zinalowa. Zipembere zinatheratu, pofika caka ca 2015 njobvu zinatsala monga 50 zokha. Cifukwa cace m'caka ca 2022 anatenga njobvu 263 ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina 431, nazifikitsa ku Kasungu pa magalimoto. Mwa izo munali njati, mphalapala, njiri ndi nswala 128. Sitibisa kuti zitafika njobvuzo zinaononga minda ndi kupha anthu m'midzi ya m'malire, kuno ndi ku Zambia komwe. Wosunga nyama ayenera kusunganso mwini munda.

Tsono iye wofuna kuona nswala m'masika acite motere. Alawire mbandakuca ndi mlonda wa nkhalango, atabvala zosawala. Akhale m'mphepete mwa dambo, mphepo iri kumaso kwace, kuti pfungo lace lisafike kwa nyama, ndi dzuwa kumbuyo kwace, kuti cithunzi cioneke bwino. Asayandikire, asapfuule, akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Akadekha adzaona izi. Yamphongo, imene yokha iri ndi nyanga, itupa khosi m'nyengo iyi. Isankha dera lace, nipaka pfungo la pamphumi pace pa zitsamba, niunjika ndowe zace pamodzi, zikhale ngati malire a munda. Gulu la zazikazi likalowa m'deramo, izizinga, nibweza iri yonse yofuna kuturuka. Ikadza yamphongo yina, ziyamba kuyenda mbali ndi mbali modzitama, cifukwa kawiri kawiri yofoka ithawa isanamenyane. Koma zikalingana mphamvu ziweramitsa mitu, zikolana nyanga ndi kukankhana kufikira pfumbi liti koboo. Mwini derayo sapeza nthawi yakudya. Aonda, nafoka, ndipo patapita masiku owerengeka mnzace amlanda ufumu. Motero ana abadwa kwa atate amene anali ndi mphamvu pa nthawi yace.

Zazikazi zikhala ndi bere miyezi isanu ndi umodzi ndi theka, nizibala mvula yoyamba itagwa, msipu utaphuka. Apa ndipo pali mlandu wa msampha: woucha m'miyezi ya cisanu sapha nswala imodzi, aphanso mwana wa m'November.

Inu akuru a midzi ndi aphunzitsi anzanga, nkhalango iyi makolo a anthu a ku Kasungu anaigula ndi midzi yao. Sikuyenera kuti alendo a kutali adziwe kulira kwa nswala, ana a eni dziko naidziwa m'buku mokha. Fodya akagulidwa, pangani ulendo wa ana a sukulu ku Lifupa. Ngakhale lamya ya m'manja ikhoza kujambula. Ndipo mwana amene anaona nyama iri yamoyo pa dambo lace sadzafulumira kuichera waya.