Kumanga Munthu Si Kumusunga

"Kusunga" ndi mawu aulemu. Timasunga mwana wamasiye, timasunga agogo, timasunga mwambo. Koma m'makomo ena ndi m'malo ena osamalira anthu aulumali, mawuwa asanduka chophimba nkhanza. Mnyamata wodwala matenda a maganizo amangidwa unyolo kumwendo patsinde la mango, khungu la pakakolo lasupuka, achibale n'kumati, "Tamusunga kuseriku." Mtsikana wosatha kuyankhula amukhomera m'chipinda tsiku lonse, ukafunsa amati, "Akupuma." Wina amumwetsa mapiritsi oti agone dzuwa lili pamutu, amati, "Tamukhazika mtima pansi." Chichewa sichinasowe mawu oyenera. Alipo: kumanga, kutsekera, kupanikiza, kugonetsa ndi mankhwala.

Chophimba chachiwiri ndi chimene aphunzitsi a Chichewa amachitcha msintho wochitidwa. Wosamalira akalemba m'kaundula kuti "anamangidwa usiku", mwininkhani wazimirira. Anamanga ndani? Ndi chiyani? Anamasula nthawi yanji? Chiganizo cholongosoka chimati, "Ine ndinamugwira mikono kwa mphindi zisanu chifukwa amadzimenyetsa mutu pakhoma." Wolemba chotero sangalephere kudzifunsa ngati panalibe njira ina, ndipo womuyang'anira amapeza poyambira.

Chachitatu ndi mawu oti "akuvuta". Mawuwa amagamula mlandu usanazengedwe, ndipo amaika vuto lonse pa munthu mmodzi. Tinene zimene zachitika: wakana nsima, wathyola mpando wailesi itakwezedwa, walira usiku atagwira tsaya. Tikatero tazindikira kuti mwina dzino likumuwawa, mwina phokoso lamusautsa, mwina akufuna kutuluka panja koma alibe mawu opemphera. Dzino limafuna dokotala, silifuna chingwe.

Ena angati awa ndi mawu chabe. Ku Australia sanaganize choncho. Malamulo a 2018 a pulogalamu yawo yothandiza anthu aulumali ya NDIS amatchula mayina njira zisanu zophera munthu ufulu: kumutsekera payekha, kumufooketsa ndi mankhwala, kumumanga ndi zipangizo, kumugwira mwamphamvu, ndi kumuletsa kufika pamalo kapena pa zinthu zake. Bungwe losamalira anthu likagwiritsa ntchito imodzi mwa njirazi liyenera kupereka lipoti kuboma, kusonyeza kuti njira zina zonse zinakanika, ndi kukonza dongosolo lochepetsera mchitidwewo mpaka kuusiyiratu. Anayamba n'kutchula dzina kuti athe kuwerenga, ndipo chowerengeka chimatheka kuchichepetsa.

Nafenso tayendapo pang'ono. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo latsopano la 2024 linasintha dzina la bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Pawailesi timamva "anthu aulumali" pomwe kale ankati "opunduka". Takonza mayina a anthuwo, koma aneni onena zimene timawachitira akadali abodza.

Sitikunyoza mayi wotopa amene amatseka chitseko kuti apite kumunda poopa kuti mwana wake agwera pamoto. Mayiyu akusowa thandizo, ndipo sangalipeze ngati iye ndi anansi ake akuti zonse zili bwino. Choncho inu anamwino, aphunzitsi, abusa, mafumu ndi atolankhani, mukaona chingwe nenani kuti munthu wamumanga, ndipo mutchule amene wamanga. Mawu oti "kusunga" tiwasiyire chisamaliro chenicheni.