Plugin yanu yakana kugwira? Mlandu wake unayamba mu 1995

Yendani mu Chachacha Road kapena mu Freedom Way m'mawa uliwonse, muwerenge tumashopu tokhala ndi kompyuta imodzi, printer ndi mnyamata wovala ma headphone. Ku msika wa Kabwata ndi ku Chelstone n'chimodzimodzi. Chakudya chawo ndi zithunzi: ka pasipoti, pulogalamu ya maliro yofunika 10 koloko isanakwane, khadi la kitchen party, poster ya overnight ya kutchalitchi. Ambiri amagwiritsa nchito Photoshop, ndipo tisanamizane, yambiri mwa iyo sinagulidwe. Inachokera pa flash ya mnzake, pamodzi ndi kachilombo kake. Alipo ena ochepa amene anasankha GIMP, pulogalamu ya mahala, ndipo dandaulo lawo silisintha: waika plugin, watsatira zonse za pa YouTube, koma mu menyu mulibe kanthu. Vutoli lili ndi mbiri yake, ndipo mukaidziwa mudzadziwanso pogwira pokonza.

Mu 1995, anyamata awiri a pa University of California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, anayamba kulemba pulogalamu yokonzera zithunzi ali pasukulu. Photoshop inali itatuluka kale mu 1990, koma inali ya anthu a Macintosh ndi Windows okhala ndi ndalama. Wa Linux analibe chogwira. Kumayambiriro kwa 1996 anatulutsa GIMP 0.54, ndipo chaka chomwecho Larry Ewing anajambulira mmenemo Tux, ka penguin konenepa kamene mpaka lero ndi chizindikiro cha Linux. Kumbukirani kuti panthawiyo intaneti inali itangofika kumene kuno kwathu. ZAMNET, kampani yoyamba kupereka intaneti m'Zambia, inabadwira pa UNZA mu 1994, ndipo munthu ankalumikiza kudzera pa waya wa lamya. GIMP ndi intaneti ya kuno ndi a msinkhu umodzi.

Chimene anyamata aja anasankha pachiyambi pomwe ndicho chikutisowetsa tulo lero. Sanafune kulemba chilichonse okha. Anapanga thunthu laling'ono, n'kusiya makomo oti munthu wina aliyense alembe kapulogalamu kake kolowa mmenemo. Kameneko ndiye plugin. Ngakhale kutsegula JPG kapena PNG mu GIMP, ndi plugin imene imachita nchitoyo. Plugin iliyonse imayenda payokha, kunja kwa thunthu, n'chifukwa chake ikagwa mumangoona uthenga woti yagwa, chithunzi chanu chili chikhalire. Ubwino wake ndi umenewo. Kuipa kwake n'koti plugin ili ngati mlendi wa ku cabin: landilodi akasintha loko wa pageti, makiyi a alendi onse asanduka zitsulo chabe.

Mu 1997 GIMP inalowa m'banja la GNU la Richard Stallman, ndipo G wa m'dzinalo, amene poyamba ankaimira General, anayamba kuimira GNU. Apa Chinyanja chimatithandiza kuposa Chizungu. Azungu ali ndi liwu limodzi la ulere ndi ufulu, ndipo akhala akukangana nalo zaka zambiri. Ife tili ndi awiri. Photoshop ya pa flash ndi yaulere, koma mulibe ufulu mmenemo, chifukwa mwini wake akhoza kuitseka ndipo simungaone zimene wokuba uja anabisamo. GIMP ndi yaulere komanso yaufulu: lamulo lake, GPL, likuti ikopeni, igaweni, isintheni, ngakhale kuigulitsa, bola musamane ena ufulu womwewo. Chaka chomwecho Kimball ndi Mattis anamaliza sukulu n'kuisiya m'manja mwa anthu odzipereka. Pambuyo pake anakagwira nchito ku Google, ndipo mu 2015 anali m'gulu loyambitsa kampani ya Cockroach Labs. Anasiya mphatso ina yomwe sanaiganizire: zida zojambulira mabatani ndi mawindo zimene Mattis analembera GIMP, zotchedwa GTK, n'zimene Miguel de Icaza ndi Federico Mena anamangira GNOME. GIMP 1.0 inatuluka mu June 1998, 2.0 mu 2004.

Njira imodzi imene GIMP inayendera kufika m'maiko ngati lathu inali ya positi. Mu October 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa Ubuntu, dzina lake ndi umunthu womwewu timanena ife, ndipo kampani yake Canonical inkatumiza ma CD mahala kulikonse padziko kudzera mu ShipIt. Unkangolemba adiresi pa cafe n'kudikira. GIMP inali mu CD imeneyo mpaka 2010, pamene anaichotsa pa mapulogalamu obwera okhaokha, ndipo mu 2011 kutumiza ma CD kunatha. Koma kunena zoona CD ya Photoshop yobedwa inkapezeka msanga kuposa ya positi, ndipo amene ankakuphunzitsa ankadziwa Photoshop. Mpikisano wa GIMP kuno sunali ndi pulogalamu yodula. Unali ndi pulogalamu yodula yopezeka mahala.

Zinthu zinatembenuka mu 2013. Adobe inaleka kutulutsa Photoshop yatsopano yogula kamodzi n'kukhala nayo. CS6 ya mu 2012 ndiyo inali yomaliza. Kuchokera pamenepo ndi lendi ya mwezi ndi mwezi, yolipira pa khadi. Chaka chomwecho ndi chimene kwacha yathu inadulidwa maziro atatu, dola ili pakati pa K5 ndi K6. Mu 2024 dola inapitirira K25. Wa ku agency ya ku Kabulonga kapena Woodlands, amene makasitomala ake ndi mabanki ndi ma NGO, lendi imeneyo amaiika mu invoice. Wa pa kantemba amene amalipiritsa ndalama zochepa pa ka pasipoti sangathe. N'chifukwa chake makompyuta ambiri mu tauni anaima pa CS6, pulogalamu ya zaka zoposa 12, ngati wotchi yakufa.

Manje tibwere ku ma plugin enieni. Atatu ndiwo amafunidwa kwambiri. Resynthesizer inalembedwa ndi Paul Harrison wa ku Australia. Mukasankha chinthu chosafunika pachithunzi, kaya ndi waya wa malaiti kapena mlamu amene banja silikumufunanso pa chithunzi cha ukwati, imachichotsa n'kudzaza malowo potengera zozungulira. Inkachita zimenezi zaka zingapo Photoshop isanabweretse Content-Aware Fill mu CS5 mu 2010, mfundo imene okonda GIMP satopa kuinena. G'MIC inayambidwa mu 2008 ndi David Tschumperlé wa ku Caen, France, ndipo ili ndi ma filter oposa 500: kuchotsa tumadontho pachithunzi cha usiku, kunola chosaoneka bwino, kusintha mitundu. BIMP ya Alessandro Francesconi imagwira zithunzi zambiri nthawi imodzi, yothandiza pamene mwajambula ana a sukulu 200 ndipo zonse zifunika saizi imodzi.

Ma plugin a GIMP amalembedwa m'zilankhulo zosiyana, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Ena ndi a C, amene amamangidwira GIMP ya mtundu umodzi ndi kompyuta ya mtundu umodzi. Ya 32-bit ndi ya 64-bit si chinthu chimodzi. Ena ndi a Script-Fu, mafayilo othera ndi .scm, ndipo amenewa malo awo ndi foda ya scripts, osati ya plug-ins. Ambiri amalakwira pomwepa. Ena ndi a Python. Kwa zaka zambiri GIMP inkamva Python 2 yokha, koma Python 2 inaikidwa m'manda pa 1 January 2020. Ubuntu 20.04 itatuluka inalibenso mbali yolumikiza GIMP ndi Python, ndipo anthu anadzuka n'kupeza Heal Selection, khomo lodziwika la Resynthesizer, yasowa mu menyu. Palibe chimene analakwitsa. Loko ndiye anasinthidwa.

Kenako mu March 2025, patatha zaka 7 chitulukire 2.10, kunabwera GIMP 3.0. Inabweretsa zimene anthu analira kwa nthawi yaitali: kuika filter n'kutha kuisintha kapena kuichotsa mawa osawononga chithunzi, kusankha ma layer angapo pamodzi, Python 3. Koma ma plugin a 2.10 a C ndi a Python 2 sagwira mmenemo pokhapokha wina atawalembanso. G'MIC ndi Resynthesizer zili ndi mitundu yake ya GIMP 3. Tuma plugin tambiri tolembedwa ndi munthu mmodzi mu 2009, amene lero ali ndi ana ndi ngongole zake, tinatsala m'mbuyo. Ine sindiona cholakwa munthu kukhalabe pa 2.10 ngati chakudya chake chili pa plugin yakale. Kasitomala wa maliro safunsa nambala ya pulogalamu.

Choncho plugin ikakana, funso loyamba si lakuti ndalakwitsa pati, koma lakuti inalembedwera GIMP iti. Onani nambala yanu pa Help, About, muyerekeze ndi tsiku la vidiyo imene mukutsatira. Zikagwirizana, pitani pa Edit, Preferences, Folders, Plug-ins, muone foda yeniyeni imene GIMP yanu imayang'anamo, musangokhulupirira ya mu vidiyo. Pa GIMP 3 plugin iyenera kukhala m'kafoda kakekake kokhala ndi dzina lofanana ndi fayiloyo. Mukangoiponya poyera siioneka. Pa Linux fayiloyo ifunika chilolezo choyenda ngati pulogalamu. Mukatero tsekani GIMP ndi kuitsegulanso, pakuti imawerenga ma plugin poyamba pokha. Ikakanabe, fufutani kafayilo ka pluginrc m'foda ya zosankha zanu. Ndi kaundula chabe, GIMP idzalemba wina.

Mavuto ena si a plugin n'komwe, ndi zizolowezi zakale za pulogalamuyi. Ma filter akaoneka otuwa osadinika, kawirikawiri chithunzicho chili mu Indexed, monga zimakhalira ndi GIF. Pitani pa Image, Mode, RGB. Chofufutira chikamapaka mtundu m'malo moboola, layer ilibe alpha channel, iwonjezereni. Burashi ikakana kulemba, pali kachigawo kosankhidwa kamene simukukaona, Select, None. Ndipo chimene chinakwiyitsa anthu kwambiri chinabwera ndi 2.8 mu 2012, mtundu womwe unabweretsanso windo limodzi: Save inayamba kusunga XCF yokha, JPG ndi PNG zinasamukira ku Export. Anthu anatukwana, koma nzeru yake ndi yoona, chifukwa JPG imaphwanya ma layer onse kukhala chinthu chimodzi. Dzina lakuti XCF likuchokera ku eXperimental Computing Facility, kagulu ka ophunzira ku Berkeley komwe anyamata aja ankakhala. Chimene ndimaidandaula nacho n'chakuti GIMP sidzisungira yokha nchito. Amene anailemba sanakhalepo mu Lusaka ya 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akupita pafupifupi tsiku lonse. Pa desktop yopanda batire chala chizolowere Ctrl ndi S.

Pa zosindikiza ndi pomwe GIMP inatsalira kwa nthawi yaitali. Makina akuluakulu amafuna CMYK, pamene GIMP imaganiza mu RGB, ndipo kwa zaka anthu ankadalira plugin ya Separate+ kapena kumalizira nchito mu Scribus kapena Krita. GIMP 3 imatha kutulutsa JPG ndi TIFF za CMYK, ngakhale mkati imagwirabe mu RGB. Koma poster zambiri zimene zimatuluka zoipa mu tauni vuto si limenelo, ndi kuchepa kwa ma pixel. Pepala la A4 pa 300 ppi lifuna 2480 kwa 3508. Ka pasipoti ka 35 mm kwa 45 mm kafuna 413 kwa 531. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa panjira, ndipo palibe plugin imene ingabweze bwinobwino zimene zatayika. Uzani kasitomala atumize ngati document.

Za kotenga pulogalamuyi nazo zili ndi mbiri. Mu 2013 a GIMP anachoka pa SourceForge chifukwa cha zotsatsa zonyenga zooneka ngati batani la download, ndipo mu 2015 malowo anatenga akaunti ya GIMP ya Windows n'kuyamba kuigawa atakulungamo mapulogalamu a malonda. Mu 2022 akuba anagula malo otsatsa pa Google n'kumatumiza anthu ku tsamba lofanana ndi lenileni, lokhala ndi pulogalamu yoba ma password. Tengani GIMP pa gimp.org, G'MIC pa gmic.eu. Bundle ikachepa, mmodzi akope n'kugawira anzake pa flash, GPL imalola zimenezo, koma fayilo ya plugin muilembe dzina losonyeza GIMP imene ikugwirizana nayo.