Ng'ombe ya ku Plymouth

Kale m'mizinda ya ku England ndi ku America eni masitolo anali ndi njira yokopera ogula. Ankadzaza nyemba m'botolo lalikulu naliika pazenera loyang'ana kumsewu. Wogula aliyense ankalemba papepala chiwerengero cha nyembazo monga anaganizira, ndipo woyandikira kwambiri ankalandira mphotho.  Ambiri ankauona mpikisanowu ngati sewero la malonda chabe. Koma mpikisano wina wotere unaphunzitsa akatswiri chinthu chachikulu.

M'chaka cha 1906, mumzinda wa Plymouth ku England munali chionetsero cha ziweto. Anaimika pamenepo ng'ombe yonenepa, ndipo anthu anagula matikiti pa mtengo wa sikisipensi. Yense analemba kulemera kwa ng'ombeyo itaphedwa ndi kusendedwa. Ena anali alimi ndi ogulitsa nyama, ena sanadziwe konse za ziweto.

Pakati pa oonerera panali nkhalamba ya zaka 84, Francis Galton, msuweni wa Charles Darwin. Munthuyu anali katswiri wa masamu a chiwerengero, koma ankakhulupirira kuti nzeru zimakhala m'mabanja owerengeka okha, ndi kuti anthu wamba saweruza bwino. Mpikisano utatha, iye anabwereka matikiti aja kuti ayese nzeru za khamulo.

Matikiti 13 anawataya chifukwa anali olembedwa molakwika kapena osawerengeka, ndipo anatsala 787. Anawandandalika kuyambira wotchula kulemera kochepa kufikira wotchula kochuluka, natenga tikiti ya pakati penipeni. Tikitiyo inati mapaundi 1,207. Ng'ombeyo pa sikelo, monga analembera Galton, inalemera mapaundi 1,198. Khamu lija linaphonya ndi mapaundi 9 okha! Pambuyo pake, ataphatikiza mayankho onse ndi kuwagawa mofanana, anapeza 1,197.

Nanga zinatheka bwanji? Munthu aliyense anaganiza payekha, osaonera kwa mnzake. Ena anapitirira, ena anaperewera, ndipo zolakwa za mbali ziwirizo zinafafanizana. Chotsala chinali choona chimene aliyense anagwirako pang'ono. Mphotho nayo inathandiza, pakuti wolipira sikisipensi sankalemba mwachibwana.

Galton sanabise zimene anapeza, ngakhale zinatsutsa maganizo ake. M'chaka cha 1907 anazisindikiza m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature, navomereza kuti chiweruzo cha anthu ambiri ndi chodalirika kuposa mmene munthu akadayembekezera.

Chiphunzitso chake chosankha mabanja ndi mitundu ya anthu chinakanidwa ndi dziko. Koma nkhani ya ng'ombe ya ku Plymouth ikuphunzitsidwabe m'masukulu aakulu. Makolo sanalakwe ponena kuti mutu umodzi susenza denga.