Odi wa ku Mua: mbiri ya mwambo wotumiza mawu mlendo asanafike

Mmalawi amene akukonza ulendo wa ku Paris, ku Roma kapena ku Cape Town masiku ano amalangizidwa chinthu chimodzi ndi onse amene adapitako: akafuna kukaona nyumba zotchuka zosungiramo zinthu zakale, abukitsiretu malo asananyamuke, apo ayi akathera tsiku lonse pamzere dzuwa likumuwomba. Ambiri amalandira langizoli ngati chimodzi mwa zovuta za kwa Azungu, chinthu chobwera ndi intaneti ndi makadi a kubanki. Koma mbiri ya chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, ikutiuza zina. Kutumiza mawu usanafike pamalo osunga nzeru za anthu ndi mwambo wakale kuposa mzere, ndipo phindu lake lenileni silili pa kupulumutsa nthawi ya mlendo. Lili pa kupatsa eni malo mpata wokonzeka kuti mlendoyo akamve tanthauzo la zimene akukaona.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, chigwachi chidali mphambano ya anthu ndi zoopsa. Achewa adali ndi midzi yawo m'mbali mwa mitsinje yotsika m'mapiri, Angoni a kwa Kachindamoto adakhazikika cha ku Mtakataka atasemphana ndi abale awo a kwa Gomani, ndipo Ayawo ankayendetsa malonda a minyanga ndi akapolo kugombe la nyanja. M'nthawi yotere, munthu wongotulukira pamudzi osadziwika ankayesedwa kazitape. N'chifukwa chake gulu la apaulendo linkaima kunja kwa mudzi, n'kutuma mthenga kwa nduna kapena nyakwawa, ndipo iyeyo ndiye ankakatula mawu kwa mfumu. Mfumu ikavomera, inkanena nthawi ndi malo okumanirana. Kamwambo ka tsiku ndi tsiku koodira pakhomo ndi mwana wa dongosolo lomweli: mlendo amati "Odi!" ali chapatali, n'kudikira kuti mwini nyumba amuyankhe, ayale mphasa, atulutse mpando, abise zosayenera kuonedwa. Amene amalowa asanayankhidwe timati alibe mwambo, ngakhale atabwera ndi mphatso.

Ansembe a chipani cha White Fathers adaphunzira zimenezi movutikira. Ulendo wawo woyamba m'dziko muno udali wa kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, ndipo pofika 1891 adali atachokako ntchito isanamere mizu. Atabweranso mu 1902 adamanga ku Mua, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, kenaka ku Mtakataka mu 1908 ndi ku Bembeke pamwamba pa phiri mu 1910. Malo onsewa adawapeza atapempha kwa mafumu. Koma chilolezo chomanga nyumba si chilolezo cholowa paliponse. M'midzi ya Achewa mudali khomo lina limene mfumu yokhala ndi mzinda, atsabwalo ndi anamkungwi ankalilondera: dambwe, kumene zilombo za Gule Wamkulu zimachokera. Khomo limeneli ansembe oyambawo sadaliodire. Adaliweruza ali kunja kuti ndi la mdima, n'kuletsa Akhristu awo kuyandikirako, ndipo a gule nawo ankakokera anyamata kudambwe kuwachotsa m'sukulu za mishoni. Mkanganowu udakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920, ndipo Ian Linden adaufotokoza m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi kukana kwa Achewa m'Nyasaland. Zilombo zina, monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zidasanduka njira imene mudzi unkayankhulira za alendowa pabwalo. Chimene chidasowa m'zaka zonsezo ndi munthu wofika pakhomo n'kufunsa, n'kudikira yankho.

Munthu woteroyo adafika mochedwa. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, adabwera m'Malawi mu 1967, ndipo mu 1976 adayambitsa ku Mua malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, poyamba ngati pophunzitsira amisiri osema. Iwo adagula njira monga mwa mwambo wa gule, adalandira mfunda wa Chisale, ndipo adatha zaka zambiri akukhala pansi ndi akuluakulu kufunsa dzina, chiyambi ndi mwambi wa chilombo chilichonse. Zipatso za kudekha kumeneku ndi nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, imene dzina lake ndi katchulidwe ka anthu a kuderali ka dzina la wansembe wakale wa pa Mua, Bambo Champmartin. M'zipinda zake zitatu muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayawo, ndipo muli nkhope za gule zoposa 400. Mlendo amayenda ndi womulondolera amene amamasulira zimene akuona, ndipo zithunzi sizijambulidwa mwachisawawa m'katimo. Zimenezi zikusonyeza kuti Chamare idatengera mwambo wa khomo limene zinthuzo zidachokera. Chilombo monga Chadzunda kapena Kasiyamaliro chopanda wochifotokoza ndi mtengo, nsanza ndi udzu chabe. Nzeru yake ili m'kamwa mwa munthu, ndipo munthu amafunika kuuzidwiratu. Gulu lofuna kuona magule akuvinidwa liyenera kutumiza mawu masiku angapo lisanafike, pakuti ovina ndi oimba ng'oma ndi anthu a m'midzi yozungulira, ali ndi minda yawo, misika yawo ndi maliro awo. Bungwe la UNESCO litalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006, dzina la Dedza lidamveka kutali, ndipo kufunika kwa dongosololi kudakula.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba zina zazikulu za ku Ulaya zidayambanso chimodzimodzi. British Museum ya ku London itatsegulidwa mu 1759, munthu sankangolowa. Ankayenera kupempha tikiti polembetsa dzina lake, kudikira kuti avomerezedwe, kubweranso tsiku lina, ndipo ankayendetsedwa m'kagulu kochepa ndi wantchito wa pamalopo. Louvre ya ku Paris idatsegulira anthu wamba mu 1793. Mizere italiitali idabwera pambuyo pake, sitima zapamtunda ndi ndege zitachulukitsa apaulendo. Mu 2018 Louvre idalandira anthu oposa 10 miliyoni, ndipo mu Meyi 2019 antchito ake adanyanyala ntchito podandaula kuti khamu lawapitirira mphamvu. Pambuyo pake akuluakulu a nyumbayi adaika malire a anthu 30,000 pa tsiku, n'kulimbikitsa matikiti olembedwa ola lolowera. Ku Amsterdam, nyumba ya Anne Frank imagulitsa matikiti ake pa intaneti pokha, aliyense ndi nthawi yake. Ku Milan, chojambula cha Leonardo da Vinci cha Mgonero Womaliza chimaonedwa ndi timagulu tochepa kwa mphindi pafupifupi 15 zokha, pofuna kuchiteteza ku fumbi ndi chinyezi. Amalawi okhala ku South Africa akudziwa kuti ku Robben Island amapita ndi boti la malo owerengeka, limene nyengo ikaipa silinyamuka. Choncho wachilendo m'mbiri imeneyi ndi mzere. Kubukitsa ndi kubwerera ku dongosolo loyamba, dziko litaona kuti khomo losalonderedwa limadzaza mpaka wolowa saonanso kanthu koma misana ya anzake.

Wina anganene kuti kuyerekeza kumeneku n'kokakamiza, popeza ku Mua kulibe mzere ndipo masiku ambiri pabwalo pamakhala zii. N'zoona, koma mzere ndi chizindikiro chabe cha chinthu chosowa, ndipo chosowacho chimasiyana malo ndi malo. Ku Paris chosowa ndi poima patsogolo pa chithunzi. Ku Milan ndi mpweya wabwino m'chipinda. Ku Mua ndi nthawi ya wolondolera wodziwa, ndi manja a oimba ng'oma. Basi imodzi ya ana asukulu ikafika mwadzidzidzi pamene gulu lina lili kale m'kati, ena ayenera kukhala pamthunzi kudikira, kapena onse athamangitsidwe m'zipinda osamva kanthu. Nthawi ya dzinja, pamene aliyense ali kumunda ndipo mitsinje yotsika m'mapiri yadzaza, wofika osanena akhoza kupeza zitseko zotsegula koma anthu amene amapatsa malowo moyo palibe. Wotereyo sadaime pamzere, koma wataya chomwecho chimene wa pamzere amataya.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba, chifukwa kukuchokera m'chikhalidwe chathu chomwe. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo kwathu mlendo sabwezedwa pakhomo chifukwa sadanene kuti akubwera. Kodi kufuna kuti anthu abukitse si kupha ufulu umenewu? Yankho lili m'kusiyanitsa kumene makolo ankachita pakati pa alendo. Wapaulendo amene dzuwa lamulowera ankapatsidwa madzi, nsima ndi pogona popanda funso. Koma wobwera ndi nkhani, wofunsira mbeta, wodzatula mlandu, wofuna malo olima, sankangofika. Ankatsogoza ankhoswe kapena mthenga, ndipo tsiku linkapanganidwa. Wofuna kuona za kudambwe ndiye ankadikira koposa onse. Wopita ku Chamare kapena ku Louvre sali m'gulu la anjala ofuna pogona. Ali ndi pempho, ndipo pempho lake ndi lakuti ena amutsegulire chuma chimene adasungira mibadwo. Mlendo wotere mwambo wathu sudamupatsepo ufulu wongotulukira.

Kutsutsa kwachitatu ndiko kumene sitiyenera kukuthawa. Odi wa kumudzi adali waulere, ndipo wosauka ndi wolemera ankaodira ndi mawu amodzimodzi. Odi wa pa intaneti amafuna foni yabwino, bandulo, khadi la kubanki lovomerezeka kunja, ndi ndalama zakunja zimene Mmalawi amazipeza movutikira. Amafunanso kuti munthu adziwe tsiku lake milungu ingapo isanakwane, pamene wodikira viza sadziwa ngati adzanyamuka n'komwe. Mbiri ya ku London ikuchenjezanso: matikiti opempha a mu 1759 ankasefa anthu, ndipo wantchito wamba wosadziwa kulemba ankatsalira kunja. Pamwamba pa izi pabuka madobadoba ogula matikiti ambiri n'kumawagulitsa pamtengo wokwera. Zonsezi n'zoona, koma zikutsutsa kayendetsedwe koipa, osati mwambo womwewo. Mankhwala ake ndi kusiya khomo lina lotsegukira onse. Nyumba zosungiramo zakale za ku Vatican zimalowetsa anthu ulere Lamulungu lomaliza la mwezi, ngakhale mzere wa tsikulo umakhala wautali. Nyumba zazikulu za boma ku London sizilipiritsa polowa m'zipinda zake za nthawi zonse. Ku Mua kumachitika chikondwerero cha pachaka m'mwezi wa Ogasiti, pamene magule a mitundu yosiyanasiyana amavinidwa poyera ndipo anthu a m'midzi amasonkhana mwaunyinji. Umu ndi momwenso gule amachitira kuyambira kale: dambwe lili ndi mwambo wake wolowera, koma zilombo zikatulukira pabwalo, mudzi wonse umaonerera. Malo amene ali ndi khomo lopangana popanda bwalo la onse alakwa, ndipo amene ali ndi bwalo lokha popanda khomo lopangana posachedwa adzasowa choonetsa.

Kwa wapaulendo, phunziro la mbiriyi ndi la mthenga wabwino. Mthenga ankapita kwa mwini khomo weniweni, osati kwa aliyense wopezeka panjira. Chimodzimodzi tikiti igulidwe pa tsamba la nyumbayo, osati kwa ogulitsa ongodzitchula okha. Mthenga ankafunsa tsiku limene mfumu siikhala pabwalo; chimodzimodzi wopita ku Paris adziwe kuti Louvre satsegula Lachiwiri, ndipo nyumba zambiri za ku Ulaya zimapuma Lolemba. Ndipo tsiku likapanganidwa, mlendo ankalisunga, chifukwa kuchedwa kudali kunyoza amene adayala mphasa. Safunsa adadya phula.

Chimene chidasokoneza mwambowu m'chigwa cha Dedza si kuipa mtima kwa anthu koma liwiro. Kale wotsika phiri kuchokera ku Dedza ankayenda wapansi, ndipo mbiri ya kubwera kwake inkafika iye asanafike. Njanji itadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka n'kukafika ku Salima mu 1935, kenaka msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi wokhotakhota wa Khwekhwerere zitakonzedwa, mlendo adayamba kufika mthenga wake asanafike. Ndege zidachita zomwezo ku Paris ndi ku Roma, pamlingo waukulu. Foni ndi intaneti zabweza zinthu m'malo mwake, pakuti mawu ayambanso kuthamanga kuposa mwini wake. Mphunzitsi wa ku Salima amene akuimbira ku Kungoni kunena kuti Lachisanu adzabwera ndi ana 60, ndi namwino wa ku Manchester amene akusankha ola la 9 m'mawa pa tsamba la Louvre, onse aima chapatali ndi khomo, aodira, ndipo akudikira kuti eni nyumba awauze kuti alowe.