Ne partez pas sans moi: nyimbo imene inapambana ndi pointi imodzi

"Ne partez pas sans moi" ndi nyimbo ya Chifalansa imene Céline Dion anaimba poimira dziko la Switzerland pa mpikisano wa nyimbo wa Eurovision mu 1988. Dzinali likutanthauza kuti "musapite kundisiya". Mawu ake analemba ndi Nella Martinetti, mayi wa kuchigawo cha Ticino kumene amalankhula Chitaliyana, ndipo maimbidwe ake anapeka ndi Atilla Şereftuğ, yemwe anabadwira ku Turkey. Awiriwa anali atalawako kale mpikisanowu: mu 1986 nyimbo yawo ina, yoimbidwa ndi Daniela Simons, inathera pa nambala 2.

Woimbayo sanali wa ku Switzerland. Dion anabadwa pa 30 March 1968 ku Charlemagne, m'chigawo cha Quebec ku Canada, ndipo ndi chitsiriza m'banja la ana 14. Malamulo a Eurovision saletsa dziko kubwereka woimba wakunja. Panthawiyo anali ndi zaka 20, wodziwika kwawo ndi ku France, koma kwina konse dzina lake linali lachilendo.

Uthenga wa nyimboyi ndi pempho la wachinyamata kwa anthu olimba mtima amene akupita kukafufuza zakutali, ngakhale kumlengalenga, kuti amutenge nayenso. Kunena zoona, mawuwo ngosadabwitsa, ndipo maimbidwe ake ndi aja omwe anali ponseponse m'zaka za m'ma 1980. Chimene chinagwira anthu mtima ndi mmero wa mtsikanayo. Anayamba motsitsa, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka mawu kudzaza holo yonse osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anali atavala jekete yoyera ndi siketi yoyera yofutukuka, zovala zimene okonda mpikisanowu amazikumbukirabe.

Mpikisanowo unachitika pa 30 April 1988 mumzinda wa Dublin ku Ireland, ndipo mayiko 21 ndiwo anapikisana. Dziko lililonse linali ndi oweruza ake amene ankapereka mapointi kwa mayiko ena: 12 kwa nyimbo imene yawakomera koposa, kenako 10, 8, kutsika mpaka 1. Apa ndi pamene usikuwo unalowera m'mbiri. Pomwe kunatsala dziko limodzi lokha kuti lilengeze, la Yugoslavia, Scott Fitzgerald wa ku United Kingdom anali patsogolo ndi mapointi 136, Switzerland ili ndi 131. Yugoslavia inapatsa Switzerland 6, kufikitsa 137. Kunatsala 7, 8, 10 ndi 12, ndipo iliyonse mwa izi ikanabwezera Fitzgerald pamwamba. Makamera anali pankhope pake pamene mapointiwo ankatchulidwa amodziamodzi, onse n'kumapita kwina. A 12 omaliza anapita ku France. United Kingdom sinapeze kanthu, ndipo Dion anapambana ndi pointi imodzi.

Aka kanali kachiwiri kuti Switzerland itenge chikho. Koyamba kanali mu 1956, pa mpikisano woyamba weniweni ku Lugano, pamene Lys Assia anaimba "Refrain", nayonso ya Chifalansa. Patatha chaka chipambanireni, Dion anatsegulira mpikisano wa 1989 ku Lausanne ndi nyimbo yake yopambanayo komanso ina ya Chingerezi, "Where Does My Heart Beat Now". Mu 1990 anatulutsa chimbale chake choyamba cha Chingerezi, Unison, ndipo njira yopita ku nyimbo yake ina, "My Heart Will Go On", imene inamveka pa mawailesi mpaka kuno kwathu, inayambira pamenepo.

Kwa Chifalansa, komabe, chipambanochi chinali ngati kutsanzika. Pakati pa 1956 ndi 1988 nyimbo 14 za chinenerochi zinapambana Eurovision. Mu 1999 lamulo lokakamiza dziko kuimba m'chinenero chake linachotsedwa, ndipo mayiko ambiri anathamangira ku Chingerezi, zomwe n'zomvetsa chisoni kwa aliyense wokonda kumva anthu akuimba m'malilime awo. Barbara Pravi wa ku France anayandikira mu 2021 ndi "Voilà", koma anathera pa nambala 2. Switzerland inadikira zaka 36 kuti ipambanenso, mu 2024, kudzera mwa Nemo, ndipo nyimboyo inali ya Chingerezi. Pofika 2025, palibe nyimbo ina ya Chifalansa imene inali itapambana chichokereni usiku wa ku Dublin.