Mbale yasweka kapena yaswedwa?

Mwana akagwetsa mbale amafulumira kunena kuti, "Amayi, mbale yasweka." Mayi wodziwa Chichewa amafunsa pomwepo kuti, "Yasweka yokha, kapena yaswedwa?" Mu "yasweka" mulibe munthu. "Yaswedwa" imafuna dzina la woswa.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva pa wailesi kuti anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje "malo anawachepera". Malo sachepa okha. Munthu amene amalima kadimba kotsetsereka m'mphepete mwa munda wa tiyi wosaoneka malire, malo a makolo ake anatengedwa. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 azungu anadzigawira nthaka ya kum'mwera kuno, ena posinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda, ndipo boma la Harry Johnston linawapatsa zikalata za umwini. Tikangoti "osauka", chiganizo chimathera panjira. Mneni "kusauka" ali ndi m'bale wake, "kusautsa", ndipo amene wasautsidwa ali naye womusautsa.

Liwu limene linavulazidwa koposa ndi thangata. Kwathu kuthangata n'kugwirana manja: lero tipalira kwa inu, mawa kwa ine, madzulo timwera limodzi thobwa. Eni minda achizungu anatola liwu lokomali n'kuliveka pa ntchito yokakamiza. Wokhala pa esiteti ankagwira mwezi umodzi kulipira malo, mwezi wina kulipira msonkho wa nyumba, ndipo miyeziyo inkatalika monga afunira wolemba masiku. Ambiri mwa olimawo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, opanda kwina kothawira. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, nkhanza za thangata n'zimene zinakolezera moto wa John Chilembwe, ndipo pa 23 Januwale 1915 woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anaphedwa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Chonde, aphunzitsi, mwana asatuluke m'kalasi akuganiza kuti agogo ake "ankathandiza" azungu kulima thonje. Thandizo silibwera ndi chikoti.

Karl Marx ndi Friedrich Engels analemba mu 1848 za kulimbana kwa pakati pa eni chuma ndi antchito. Apanso mawu amavulala: ena pomasulira zimenezi m'Chichewa amati "kulimbana kwa makalasi", koma kalasi kwa ife ndi ya sitandade 5, ya choko ndi bolodi. Ena amati "magulu", ngati kuti ndi magulu a mpira olowa m'bwalo ali ofanana chiwerengero. Ine ndimakonda kutchula zinthu poyera: mbali iyi kuli eni minda, migodi ndi mafakitale, mbali inayo kuli amene alibe chogulitsa kupatula thukuta lawo. Mawuwo ndi aatali, inde, koma wa ganyu akawamva amadziwa mbali imene waima.

Ndipo kuno mzere wolekanitsa mbali ziwirizo unadutsa pakhungu. Ku South Africa, kumene amuna athu ankapita pa Wenela, lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda gawo losakwana limodzi mwa magawo khumi a dziko lawo, kuti njala iwatsitsire kumigodi. Makolo athu anaona zimenezi bwino lomwe. Olamulira achilendo sanawatche dzina lochokera ku mbendera kapena kwa mfumu ya ku London. Anawatcha atsamunda, dzina lonunkha dothi la munda.

Chipsera chake chikadali pakamwa pathu. Mnyamata wosesa pabwalo la nyumba ku Namiwawa, mukamufunsa za malipiro, amayankha kuti, "Mzungu wanga sanandipatsebe." Bwanayo ndi Mmalawi mnzake, wakuda ngati iye, mwina wa mudzi woyandikana. Ndinamva mawuwa sabata yatha pa geti pa mnansi wanga, ndipo mnyamatayo anawanena ali chogwada, tsache lili m'manja.