Kuchoka pa mbozi kufika pa kutupa: mbiri ya kafukufuku wa ululu wa dzino

Kwa zaka zikwi zambiri, anthu ankakhulupirira kuti dzino limawawa chifukwa cha kambozi komwe kamaliboola. Chikhulupiriro ichi chinalembedwa pa mapale a dongo ku Mesopotamia, ndipo ku Ulaya chinali chikadalipo pamene dokotala wa mano wa ku France, Pierre Fauchard, anachikayikira m'buku lake la mu 1728.

Mu 1890, W. D. Miller, yemwe ankagwira ntchito ku Berlin, anasonyeza kuti mabakiteriya a m'kamwa amasandutsa zotsalira za chakudya kukhala asidi amene amadya dzino. Izi zinafotokoza kubooka kwa dzino, koma osati ululu wake.

Yankho linali pa kamnofu kofewa ka pakati pa dzino, momwe muli mitsempha ya magazi ndi mitsempha yotumiza uthenga ku ubongo. M'zaka za m'ma 1960, Martin Brännström wa ku Sweden anafotokoza kuti chigawo cholimba chozungulira kamnofuko chili ndi timipata tambirimbiri todzaza madzi. Chinthu chozizira kapena chotsekemera chikakhudza dzino lobooka, madziwo amasuntha n'kudzidzimutsa mitsempha yofulumira ya A-delta. Apa ndiye pamachokera ululu wolasa umene umatha msanga.

Mu 1965, Kakehashi, Stanley ndi Fitzgerald anaboola mano a makoswe mpaka kufika pa kamnofuko. Mwa makoswe oleredwa mopanda tizilombo, bala linapola. Mwa makoswe wamba, kamnofuko kanatupa n'kufa. Choncho zinadziwika kuti gwero la vutoli ndi mabakiteriya.

Kamnofuka kakatupa, thupi limatulutsa zinthu monga bradykinin ndi prostaglandin, zomwe zimachititsa mitsempha yochedwa ya C kumva ululu ngakhale pa zinthu zazing'ono. Popeza kali m'chipinda cha makoma olimba, kamasowa kofufumira. Uthenga umadutsa mu mtsempha wa trigeminal kupita ku ubongo, ndipo wodwala amamva ululu wogunda, wosagonetsa, mwina osadziwa n'komwe dzino lomwe likuwawa. Mu 1971, John Vane anapeza kuti asipirini amaletsa thupi kupanga prostaglandin. N'chifukwa chake mankhwala a gulu limeneli, monga ibuprofen, amathandiza pa ululu wa dzino.

Phunziro kwa ogwira ntchito zaumoyo n'lakuti mankhwala opha ululu amangoziziritsa uthenga, sachotsa mabakiteriya. Nawo maantibayotiki sathetsa ululu ngati kutupa kudakali m'kati mwa dzino mokha. Ululu waukulu ukasiya wokha, n'kutheka kuti kamnofuko kafa ndipo matenda akulowera ku fupa la nsagwada. Wodwala wotere atumizidwe kwa dokotala wa mano, ndipo ngati tsaya latupa, thupi latentha kapena akuvutika kumeza, apite tsiku lomwelo.